Kodi mkodzo ungakhale feteleza wa maluwa a orchid?

Mayi wina wa ku Chilomoni mu mzinda wa Blantyre walemba kuti: "Ndili ndi miphika isanu ya maluwa a orchid pakhonde, aja a masamba aakulu okhuthala ndi maluwa ofanana ndi gulugufe. Iwiri mwa miphikayi ndinapatsidwa pa ukwati wa mwana wanga wamkazi, ndipo ndimaikonda kwambiri. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikuthira mkodzo m'dimba langa la repu ndi mpiru, chitini chimodzi cha mkodzo ku zitini zisanu za madzi, ndipo ndiwo zimachita bwino zedi. Mwezi watha ndinathirako maluwa awiri aja katatu ndi muyeso womwewo. Tsopano nsonga za mizu zada, pamwamba pa makungwa a mumphika pachita zoyera ngati mchere, ndipo tsamba limodzi layamba makwinya. Kodi ndawapha? Kodi mkodzo ndi woipa kwa maluwa amenewa, kapena ndinalakwitsa muyeso? Wabwino ndi uti, watsopano kapena wogonera m'chigubu? Komanso bambo a kunyumba amamwa mankhwala a BP, kodi wawo ungagwire ntchito?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cholemba mosapsatira mawu pa nkhani imene anthu ambiri amachita nayo manyazi, moti ngakhale amene amathira mkodzo m'madimba mwawo amachita zimenezi m'bandakucha kuti anansi asawaone. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: malinga ndi zimene mwafotokoza, maluwa anu sanafe, angopsa mizu. Mtundu umene muli nawowo dzina lake ndi Phalaenopsis, ndipo khalidwe lake ndi lochita zonse modekha. Umakula pang'onopang'ono, umadwala pang'onopang'ono, ndipo umachiranso pang'onopang'ono. Ngati pakati pa chomeracho, pamene pamatulukira masamba atsopano, pakadali polimba ndi pobiriwira, ndiponso ngati mizu ingapo ikadali yolimba mukaifinya ndi zala, muli ndi mpata wokwanira wochipulumutsa.

Maganizo anu oti mkodzo ndi chakudya cha zomera ndi oona ndithu, ndipo dimba lanu lakuchitirani kale umboni. Gawo lalikulu la mkodzo, pafupifupi magawo 95 pa 100, ndi madzi. M'gawo lotsalalo muli yureya, yemwe ndi yemweyo amene timagula m'matumba a makilogalamu 50 kuti tithire chimanga chikafika m'mawondo, komanso muli potaziyamu, fosifolasi pang'ono, salifa ndi mchere. Lita imodzi ya mkodzo imakhala ndi magalamu apakati pa 3 ndi 7 a nayitrojeni, malinga ndi zimene munthu wadya ndi madzi amene wamwa, ndipo munthu wamkulu amatulutsa lita imodzi kapena imodzi ndi theka pa tsiku. Akatswiri a zaukhondo ndi ulimi amawerengera kuti mkodzo wa munthu mmodzi wa chaka chonse ungakwanire kudyetsa munda wa mamita 20 mulitali ndi mamita 15 kapena 20 mulifupi. Ku Zimbabwe, katswiri wa zaukhondo Peter Morgan anagwira ntchito yaikulu yophunzitsa anthu kubwezera m'nthaka zimene thupi latulutsa, kudzera m'zimbudzi za Arborloo ndi Fossa Alterna, ndipo kuno kwathu zimbudzi za Skyloo zija, zimene zimapatula mkodzo kuti upite pawokha, zinamangidwa ndi cholinga chomwecho. Choncho simunachite chinthu chachilendo kapena chopanda nzeru. Cholakwika chinali chimodzi chokha: munapatsa duwa la orchid chakudya cha repu, chikhalirecho mizu ya zomera ziwirizi siidya mofanana ngakhale pang'ono.

Ndikupempheni kuti mawa m'mawa mukhale pansi pafupi ndi mphika umodzi mwa itatu imene simunathire ija, ndipo muyang'anitsitse muzu umodzi umene watulukira kunja kwa mphika. Muona kuti ndi wonenepa ngati chingwe cha nsapato, wotuwa ngati siliva, ndipo kunsonga kwake kuli kachigawo kobiriwira kowala, kosalala ngati kapakidwa mafuta. Dontheserani madzi pa muzuwo. Musanawerenge kufika pa khumi, kutuwa kuja kutha ndipo muzu wonse usanduka wobiriwira. Chimene chachitika n'chakuti chikopa chotuwacho, chimene akatswiri a zomera amachitcha velamen, ndi timaselo takufa topanda kanthu m'kati tosanjikizana ngati chinkhupule, ndipo ntchito yake ndi kumwa msangamsanga madzi alionse amene achikhudza n'kuwasunga kuti muzu weniweni, kaulusi kamene kali m'kati, uyamwe mosathamanga. Chinkhupule chimenechi sichisankha. Chikalandira madzi a mvula chimasunga madzi a mvula, ndipo chikalandira madzi odzaza mchere chimasunga mcherewo pa muzu penipeni. Dzuwa la masana likaumitsa madzi, mchere umatsala pomwepo, ndipo ukachuluka umakoka madzi kuchokera m'muzu, monga momwe matimati odula amatulutsira madzi mukawawaza mchere. Malo oyamba kupsa ndi kansonga kobiriwira kaja chifukwa kalibe chikopa chokatchinga, ndipo ndiko kuda kumene mwaonako.

Mizu ya repu ili m'dothi, ndipo dothi ndi mkhalapakati wabwino. Limagwira chakudya, limachigawa pang'onopang'ono, lili ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka timene timasintha yureya ndi amoniya kukhala chakudya chofewa, ndipo mvula ya dzinja imatsuka mchere wotsala kupita nawo pansi. Phalaenopsis alibe mkhalapakati wotere. Kwawo ndi ku nkhalango zachinyezi za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, monga ku Philippines ndi Indonesia, kumene amamera atakakamira pa makungwa a mitengo, mizu ili pamtunda, ndipo chakudya chawo chonse ndi timadzi ta mvula totsetsereka pa mtengo titatengako fumbi, masamba oola ndi zitosi za mbalame pang'ono. Kuno kwathu tili ndi m'bale wawo wotchedwa Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawangamawanga ngati kambuku, amene amamera pa mphanda za mitengo ikuluikulu m'madera otentha. Mukaona tsinde lake mupeza timizu tambirimbiri toonda toloza kumwamba ngati dengu, ndipo m'dengumo mumagwera masamba ouma amene amaolera momwemo. Ndicho chakudya chake chaka ndi chaka, ndipo chomeracho chimakula mpaka kudzaza mphanda yonse. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo umaoneka ndi maso.

Tiyeni tiwerengere pamodzi kuti muone kukula kwa kusiyanaku. Alimi a maluwa a orchid amene amathira feteleza kawirikawiri amasungunula pafupifupi galamu imodzi kapena awiri a nayitrojeni mu ndowa ya malita 20. Muyeso wanu wa chitini chimodzi ku zitini zisanu, ngati titenga mkodzo wa mphamvu yapakatikati, umaika magalamu oposa 15 a nayitrojeni mu ndowa yomweyo. Ndiye kuti maluwa anu analandira mlingo woposa woyenera pafupifupi kakhumi, katatu konse m'mwezi umodzi, ndipo pamodzi ndi nayitrojeniyo munalowanso mchere wa m'ndiwo umene thupi limatulutsa kudzera mu impso. Zoyera zimene mukuona pa makungwazo ndi mchere umenewo pamodzi ndi zina zotsalira madzi atauma. Makwinya a tsamba ndi chizindikiro cha ludzu, koma si ludzu losowa madzi mumphika, ndi ludzu lobwera chifukwa mizu yomwera madziwo yavulala. Anthu ambiri akaona makwinya amawonjezera kuthirira, ndipo mizu yovulala ija ikakhala m'chinyezi nthawi zonse imaola, n'kumaliza chomera chimene chikanachira.

Chofunika kuchita tsopano, osadikira sabata yamawa, ndi kutulutsa maluwa awiriwo m'miphika. Yambani mwanyika mphika wonse m'madzi oyera kwa mphindi khumi kuti mizu ifewe ndi kusiya kukakamira, kenako zulani mosamala ndi kuchotsa makungwa onse akale, chifukwa amwa mchere ndipo apitiriza kuutulutsa nthawi iliyonse mukathirira. Tsukani mizu ndi madzi a mvula ngati muli nawo, kapena a pampopi amene agonera mu ndowa. Kenako finyani muzu uliwonse. Wolimba ndi wamoyo, ngakhale nsonga yake itada, ndipo musaudule, chifukwa umatha kuphukira nthambi m'mbali. Umene uli wofewa, wonunkha, kapena wophwapha moti chikopa chikuvuka n'kutsala kaulusi kokha, ndi wakufa, ndipo muudule ndi lumo latsopano kapena sizasi imene mwaiwambako pa moto. Siyani chomeracho pamthunzi kwa maola angapo kuti mabala aume musanachibwezere mumphika.

Za kuika mumphika sizifuna ndalama zambiri. Ine ndimasakaniza makala oswa, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu, otsukidwa bwino ndi kunyikidwa usiku wonse kuti phulusa lichoke, pamodzi ndi makungwa a paini ndi tizidutswa ta njerwa zootcha. Makungwa a paini amapezeka kwa ocheka matabwa, ndipo mitengo imeneyi ndi yambiri ku phiri la Zomba ndi ku Chikangawa, koma musankhe akale ouma, ndipo muwawiritse kapena kuwanyika kwa masiku angapo mukusintha madzi kuti utomoni uchepe. Mphika ukhale waung'ono, wongokwana mizu, wa mabowo ambiri pansi ndi m'mbali, ndipo usakhale pa mbale yosunga madzi. Dothi, ngakhale lachonde chotani, lisalowemo. Mukatero ikani maluwawo pamalo owala koma osafika dzuwa la masana, thirirani madzi okha makungwa akauma, ndipo musathire feteleza wa mtundu uliwonse kufikira mutaona nsonga zatsopano zobiriwira. Zimenezi zingatenge mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo nthawi yozizira zimatenga yoposerapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba la makwinya lija mwina silidzasalalanso, koma musalichotse, chifukwa chomera chikudya zimene linasunga.

Ndikulemba izi ndikukumbukira duwa limene ndinataya m'zaka zanga zoyambirira pa ntchito imeneyi. Ndinali nditanyika zitosi za nkhuku m'mgolo kuti ndizithirira matimati, ndipo poona momwe matimatiwo anasangalalira ndinathirako duwa la orchid loyera limene gogo wina anandisungitsa. Patangotha masiku ochepa mizu inasanduka yofiirira, ndipo chifukwa madzi ena anatsalira pakati pa masamba, pakatipo panaola, tsamba lapamwamba linangosololoka m'manja mwanga likununkha. Zinandipweteka kwambiri kukauza mwini wake, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chatsopano ndimayamba ndachiyesa pa chomera chimodzi chokha, chimene ndingapirire chitafa. Inunso mukadzafuna kuyesanso mkodzo, musadzayambire pa maluwa a ukwati aja.

Tsono ku funso lanu lenileni, loti kodi mkodzo ungathiridwe pa maluwa a orchid. Yankho langa ndi lakuti ungathe, koma pa muyeso wochepa kwambiri moti amene anazolowera wa kudimba angaone ngati palibe chimene wathira. Gawo limodzi la mkodzo lipite ku magawo 100 a madzi. Izi zikutanthauza masupuni a tiyi awiri, amene ndi mamililita 10, pa lita imodzi ya madzi, kapena kapu yaing'ono ya mamililita 200 mu ndowa ya malita 20. Poyamba ndi bwino kuchepetsanso, supuni imodzi yokha pa lita, makamaka ngati mkodzowo ndi woyamba wa m'mawa, umene umakhala wachikasu kwambiri ndi wamphamvu. Khalani ndi supuni kapena jakisoni wopanda singano wa ntchito imeneyi yokha, chifukwa kuyeza ndi maso ndi kumene kumapsereza mizu. Madzi osakanizawo asaoneke mtundu uliwonse ndipo asamveke fungo. Yambani mwathirira madzi oyera kuti chinkhupule cha mizu chija chikhute, dikirani pang'ono, kenako thirani osakanizawo pa makungwa ndi pa mizu basi, osati pa masamba, osatinso pakati. Madzi akagwera pakati, apukuteni ndi kansalu kapena pepala lofewa. Kuthengo maluwa amenewa amamera chopendekeka pa mtengo moti madzi satsalira pakati, koma mumphika timawaimika chilili, ndipo pakatipo pamasanduka kachitsime. Chitani zimenezi m'mawa, kamodzi pa masabata awiri, ndipo kamodzi pa mwezi tsukani mphika ndi madzi ambiri oyera, kuwalola kuti adutse ndi kutuluka pansi kangapo.

Madzi amene mukusakanizirawo nawonso ndi nkhani. A mvula ndiwo abwino koposa, ndipo ndi bwino kutchera mgolo pansi pa denga la malata mvula yoyamba itatsuka kale fumbi. Madzi a m'mijigo ina, makamaka ku chigwa cha Shire monga ku Chikwawa ndi Nsanje, amakhala ndi mchere kale, moti munthu wa kumeneko akawonjezerapo mkodzo ndiye kuti wasenzetsa mizu katundu pawiri. Kwa owerenga a m'madera otere ndinganene mosazungulira kuti asathire mkodzo pa maluwa a orchid pokhapokha ngati ali ndi madzi a mvula.

Pa funso la watsopano kapena wogonera, yankho la kudimba ndi la pakhonde ndi losiyana. Mkodzo ukangotuluka umakhala wowawasa pang'ono, pH yake, womwe ndi muyeso wa kuwawasa kwa chinthu, ili cha pa 6, pafupi ndi pamene mizu ya orchid imakonda, ndipo nayitrojeni wake ali mu yureya. Ukagonera m'chigubu kwa masiku kapena masabata, mabakiteriya amaphwanya yureya uja kukhala amoniya, pH imakwera kufika cha pa 9, ndipo ndi pamene pamabwera fungo loboola mphuno lija. Kudimba kusinthaku n'kothandiza, chifukwa amoniya amapha tizilombo toyambitsa matenda. N'chifukwa chake malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2006 amati mkodzo wosonkhanitsidwa kuchokera kwa anthu ambiri usungidwe m'chotengera chotseka kwa miyezi isanu ndi umodzi pamalo ofunda madigiri 20 usanathiridwe pa mbewu zodyedwa zosaphika, pamene banja lothira mkodzo wake pa mbewu zodya lokha likhoza kuthira osasunga, malinga papite mwezi umodzi pakati pa kuthira komaliza ndi kukolola. Koma pa mizu yapamtunda ya orchid, amoniya ndi wolusa kuposa yureya. Choncho pa maluwa gwiritsani ntchito watsopano wa tsiku lomwelo, ndipo wogonera upite kudimba, pamodzi ndi zoyera zimene zimadikha pansi pa chigubu, chifukwa mmenemo ndi mmene mumathera fosifolasi wambiri ndi maginiziyamu. Musasakanize mkodzo ndi phulusa poganiza kuti muwonjezera mphamvu, chifukwa phulusa limakweza pH ndi kuthamangitsira nayitrojeni mumpweya.

Mwina mudzamva ena akunena kuti maluwa a orchid sangadye yureya n'komwe, chifukwa m'makungwa mulibe tizilombo tomusintha. Kwa nthawi yaitali alimi ambiri a maluwa amakhulupirira zimenezi, ndipo mabotolo ena a feteleza wa orchid amalembedwa kuti mulibe yureya. Kafukufuku wina wa ku Canada amene anasindikizidwa mu 2009 anaonetsa kuti Phalaenopsis amatha kuyamwa yureya mwachindunji kudzera m'mizu yake. Vuto la mkodzo tsono si yureya, koma kuchuluka kwake, mchere umene umabwera nawo, ndiponso kusadziwika kwa mphamvu yake. Thumba la feteleza limalembedwa manambala, monga 46 pa thumba la yureya, pamene chigubu sichilembedwa kanthu, ndipo mkodzo wa tsiku limene mwadya usipa wa mchere ndi kumwa madzi ochepa ndi wosiyana kwambiri ndi wa tsiku limene mwamwa tiyi ndi madzi ambiri.

Pali chinthu china chimene alimi a chimanga amasokonezeka nacho akayamba kusunga maluwa. Tinazolowera kutcha yureya feteleza wobereketsa, ndiye munthu amaganiza kuti nayitrojeni wambiri abweretsa maluwa ambiri. Pa orchid sizili choncho. Nayitrojeni akachuluka masamba amakula ofewa, obiriwira moderako, osachedwa kugwidwa ndi matenda oola, ndipo maluwa amachepa kapena osabwera n'komwe. Chimene chimadzutsa phesi la maluwa pa Phalaenopsis ndi kuzizira kwa masabata angapo pamodzi ndi kuwala kokwanira, ndipo inu a ku Blantyre muli ndi mwayi chifukwa miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye, ndi chiperoni chake, imachita ntchito imeneyi popanda kulipira. Choncho nthawi yodyetsa ndi miyezi yofunda, kuyambira cha mu Seputembala mpaka Epulo, pamene mukuona tsamba latsopano kapena nsonga zobiriwira za mizu. Kukazizira lekani mkodzo, chepetsani madzi, ndipo samalani kuti mphepo yozizira ya usiku isawombe maluwa ali onyowa.

Dziwaninso kuti mkodzo si chakudya chokwanira. Uli ndi nayitrojeni wambiri koma kashiamu ndi maginiziyamu ndi wochepa, ndipo maluwa a orchid amafuna ziwirizi kuti masamba atsopano alimbe. Ngati mukuthirira madzi a mvula okha, amene alibe kanthu, kusowaku kumadzaoneka pakapita nthawi. Kusinthanitsa ndi madzi a pampopi kumathandizako pa kashiamu, ndipo mchere wa Epsom wa ku famase, theka la supuni ya tiyi mu malita asanu a madzi kangapo pa chaka, umapereka maginiziyamu.

Za mankhwala a bambo, zoona zake n'zakuti zotsalira za mankhwala ambiri zimatuluka mu mkodzo, ndipo ena mwa mankhwala a BP amagwira ntchito pothandiza impso kutulutsa mchere ndi madzi. Popeza maluwa sadyedwa, palibe choopsa kwa anthu a m'nyumba mwanu, koma chifukwa mukufuna masupuni awiri okha, palibe chifukwa chotengera kwa munthu amene akumwa mankhwala. Tengani kwa amene ali bwino ndipo sakumwa kanthu. Wa munthu amene akutentha thupi, akumva kupweteka potaya madzi, akudwala tayifodi, kapena akulandira mankhwala a khansa usagwiritsidwe ntchito pakhonde ngakhale kudimba. Mkodzo wa munthu wathanzi uli ndi tizilombo tochepa poyerekeza ndi chimbudzi, ndipo ngozi yaikulu imabwera ziwirizi zikakhudzana, choncho chotengera chikhale chaukhondo, chotseka, chosafikira ana, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukamaliza. M'dziko lathu tiyeneranso kukumbukira likodzo. Mazira a nyongolotsi zake amatuluka mu mkodzo, ndipo amaswa akafika m'madzi a mumtsinje, m'dambo kapena m'nyanja momwe muli nkhono zimene zimasunga matendawa. Chigubu cha mkodzo chisatsukidwe kumtsinje, ndipo dimba la m'mbali mwa madzi lisathiridwe mkodzo watsopano. Mukaona magazi mu mkodzo, kapena nyerere zikuunjikana pamene wadonthera, kapena thovu lambiri losatha, imeneyo si nkhani ya feteleza ayi, munthuyo apite kuchipatala akayezedwe likodzo, shuga ndi impso. Likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel.

Si maluwa onse a orchid amene ali osachedwa kupsa mofanana. Cymbidium, wa masamba ataliatali ngati udzu, ndi Epidendrum uja wa mapesi ngati bango ndi timaluwa tofiira kapena ta olenji, amadya kwambiri ndipo amapirira muyeso wa gawo limodzi ku 100 mosavuta. Amene sayenera kulandira mkodzo ngakhale dontho ndi a m'nthaka a kuthengo kwathu kuno. Malawi ali ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo ku Nyika kokha kuli yoposa 200, imene yambiri imachita maluwa m'dzinja. Ina mwa iyo, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria, ndi imene timizu take tonenepa ngati timbatata timakumbidwa kupangira chakudya chotchedwa chinaka, chimene ku Zambia amachitcha chikanda, ndipo malonda amenewa achepetsa kwambiri zomerazi m'madera ena a Zambia, Malawi ndi kum'mwera kwa Tanzania. Mitundu imeneyi imadalira ubale ndi tizomera ta mtundu wa bowa tokhala m'mizu yake, ndipo nthaka ikachuluka nayitrojeni ubalewo umasokonekera. Ikazulidwa kuthengo n'kuikidwa mumphika nthawi zambiri imafa, feteleza kaya alipo kaya palibe, choncho wina akakutsatsani duwa lozulidwa kuphiri musagule.

Mukandifunsa chimene ndingachite ndikanakhala inu, ndingapitirize kupereka mkodzo ku repu, mpiru, chimanga ndi nthochi, zimene zimaufuna wambiri ndipo zimabweza phindu looneka m'mbale. Miphika isanu ya orchid, pa muyeso umene ndafotokozawu, imafuna magalamu awiri kapena atatu okha a nayitrojeni pa chaka chathunthu, ochepa kuposa amene ali mu mkodzo wa munthu mmodzi wa tsiku limodzi. Ndalama zimene mungapulumutse pamenepa n'zochepa kwambiri, pamene kabotolo kamodzi ka feteleza wosungunuka wa maluwa, kothiridwa pa kota ya muyeso wolembedwapo, kangakufikitseni kutali ndipo mphamvu yake ndi yodziwika. Koma ndikudziwanso kuti feteleza wotere sapezeka paliponse, ndipo pali anthu amene amafuna kusamala zomera zawo ndi zinthu za pakhomo zokha. Kwa iwo muyeso wa masupuni awiri pa lita, pa chomera chathanzi, m'nyengo yofunda, ndi kutsuka mphika mwezi uliwonse, ndi njira imene ndingaivomereze ndi mtima wonse.

Funani thandizo msanga mukaona pakati pa chomera pakuda kapena pakufewa, masamba akuchita mawanga onyowa amene akukula tsiku ndi tsiku, kapena masamba awiri kapena atatu akusanduka achikasu nthawi imodzi, chifukwa zimenezo si mchere wokha, ndi matenda oola amene amafalikira ku miphika ina kudzera m'madzi odontha. Chomera chotere chipatuleni nthawi yomweyo, ndipo muchitengere kwa anthu odziwa za maluwa kumalo ogulitsira mbande, kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, kapena kwa akatswiri a mbewu za kudimba ku Bvumbwe, komwe sikutali ndi kwanu. Ngati muli ndi duwa limene simukulidziwa mtundu ndipo mukuganiza kuti ndi la kuthengo, a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba ndi amene amazindikira zomera za m'dziko muno. Maluwa awiri a ukwati aja, mukawasintha makungwa, muziwayang'ana m'munsi mwa tsamba lotsiriza sabata iliyonse. Muzu watsopano umayamba ngati kachiphuphu kobiriwira kowala kakuboola m'mbali mwa tsinde, ndipo ukatalika ngati chala cham'kombaphala ndi pamene mungayambenso kudyetsa, ndi supuni imodzi yokha ya mkodzo pa lita ngati mwauyesa kale pa duwa lina. Pakatha masabata asanu ndi limodzi mundilemberenso, mundiuze mizu yolimba imene munapeza pa chomera chilichonse ndi mtundu wa madzi amene mukuthirira.